Makina opatsana moni

Sindinkadziwa kuti makina amene amalondolera uthenga pa intaneti amapatsana moni. Anandionetsa zimenezi ndi msuweni wanga, wophunzira ku MUBAS, madzulo ena kwathu kuno ku Chilobwe. Anatsegula pulogalamu ya Packet Tracer pa laputopu, n'kulumikiza angapo mwa makinawa, otchedwa marauta, n'kuyatsa OSPF, dongosolo limene amatsata pouzana njira. Mtima wanga unatengeka pomwepo.

Rauta iliyonse imatumiza kauthenga kotchedwa Hello masekondi 10 alionse. Inzake ikangoti zii kwa masekondi 40, imadziwa kuti njira imeneyo yafa. Chibale chawo chimakula pang'onopang'ono, kuyambira pa Down, Init, 2-Way, mpaka pa Full, pamene onse awiri amakhala ndi mapu ofanana ndendende. Zikatero, iliyonse imadziwerengera yokha njira yachidule, potsata masamu amene Edsger Dijkstra wa ku Netherlands anafalitsa mu 1959.

Koma chimene chinandikoka kwambiri ndi madera. Netiweki ikakula, mapu amodzi amalemetsa makina, choncho amaigawa. Pakati pamakhala Area 0, ndipo madera ena onse amayenera kukhudzana nalo. Zili ngati ulendo wochoka ku Chilobwe kupita ku Chirimba: minibasi imakutula kaye m'tauni, n'kukwera ina. Rauta ya m'malire imangouza Area 0 maadiresi opezeka m'dera lake, osati mmene chingwe chilichonse chayendera m'katimo.

Kenako msuweni analemba show ip ospf. Pa sikirini panatuluka dera lililonse, kuchuluka kwa madoko ake, ndiponso kuti masamu aja a njira yachidule, otchedwa SPF, awerengedwa kangati. "Yang'anitsitsa apa," anatero, n'kudula chingwe chimodzi. Atalembanso, nambala ya SPF ija inali itakwera, ndipo uthenga unali utapeza kale njira ina popanda woulozera. Ndinachita kuimirira pampando!

Apa ndi pamene katswiri amamvera thanzi la dera. Nambalayo ikamangokwera palibe wakhudza kanthu, ndiye kuti chingwe china chikudukaduka. Pa marauta a Cisco, Area 0 likasowa woyankhulana naye pamalembedwa Inactive, ndipo madera ena amasiya kumvana.

Malamulo a OSPF anawalemba John Moy m'chikalata chotchedwa RFC 2328, m'chaka cha 1998, ndipo aliyense angawerenge mwaulere. Packet Tracer nayonso ndi yaulere kudzera ku Cisco Networking Academy. Achinyamata anzanga a ku Chilobwe, Zingwangwa ndi Soche, bwerekani laputopu, lumikizani marauta awiri, mudzionere nokha mmene amafikira pa Full.