Tsiku limodzi pa S.A. Agulhas II

Nthawi ikamakwana 4 koloko m'bandakucha, amalinyero amene achezera usiku pa S.A. Agulhas II amasiyira anzawo ntchito, iwo n'kukagona. Sitima yakafukufukuyi ndi ya dziko la South Africa, ndi yotalika mamita 134, ndipo inayamba ntchito mu 2012. Imanyamuka ku Cape Town kukatula anthu ndi katundu ku zilumba za Marion ndi Gough komanso ku Antarctica. Inatchuka kwambiri mu Malichi 2022 pomwe anthu amene inawanyamula anapeza Endurance, chombo cha Ernest Shackleton chimene chinamira mu 1915, chili phee pansi pa nyanja ya Weddell, mamita 3,008 kuya kwake. Komabe ndikuona kuti phindu lenileni la sitimayi lili m'ntchito yobwerezabwereza ya tsiku wamba, imene simveka pa wailesi.

Kukacha, kaputeni amaimitsa sitima pamalo osankhidwa kale, mainjini akulimbana ndi mphepo kuti isasunthe. Amalinyero amatsitsa ndi chingwe chimango chachitsulo chimene chazunguliridwa ndi mabotolo otsekula kumwamba ndi kunsi. Wasayansi amakhala pa kompyuta, maso ali pa mizere yosonyeza kutentha ndi mchere wa madzi, ndipo chimangocho chikamakwera amatseka botolo lililonse pakuya kwakekwake. Zimatenga maola. Chikangotulukira, madzi ali chuchuchu, ophunzira amachiunjirira atagwada ndi timapaipi, zala zitachita dzanzi. Amayamba kutunga madzi oyezera mpweya, chifukwa mpweya suchedwa kuthawa. Oyezera mchere amabwera pambuyo. Kabotolo kamodzi kakalembedwa nambala yolakwika, ntchito ya m'mawa wonse yapita padera.

Ena amati zonsezi n'kuwononga ndalama, poti masiku ano kuli masetilaiti ndi timakina ta Argo, pafupifupi 4,000, timene timamira tokha mamita 2,000 n'kutumiza zimene tayeza. Mfundoyi ndi yomveka, pakuti mafuta a tsiku limodzi lokha si ndalama yamasewera. Koma setilaiti imangoona pamwamba pa nyanja, ndipo timakinato timafuna sitima yokatiponya m'madzi. Tikakhalitsa timayamba kuphonya muyezo wa mchere, ndipo chotiwongolera ndi madzi omwe aja otungidwa ndi manja. Ena amafunsanso chifukwa choyezera malo amodzimodzi chaka ndi chaka. Muyezo umodzi sungakuuzeni ngati nyanja ikutentha. Umafunika unzake wa zaka 10 kapena 20 zapitazo. Ndipo nkhaniyi si yakutali kwa aliyense amene anaona namondwe wa Freddy akukokolola midzi kum'mwera kwa Malawi mu 2023, chifukwa namondwe amatenga mphamvu ku madzi ofunda.

Masana ophika amapakula chakudya mapoto akugwedezeka, amakaniko ali pansi penipeni m'phokoso la mainjini. Mayina awo sapezeka kawirikawiri pa malipoti a kafukufuku, chinthu chimene ndimachiona kuti si chilungamo: pampu ikafa kapena chingwe chikaduka, palibe wasayansi angatunge ngakhale dontho. Usiku sitima imalowera ku malo otsatira. A zanyengo amatuluka ndi chibaluni chonyamula kachipangizo koyezera mphepo n'kuchitaya m'mwamba mumdima, pamene m'chipinda choyezera wina akusefabe madzi, mwendo atautsamiritsa ku tebulo kuti asagwe.