Phokoso la M'mawa m'Vaneti ya Amalume

Kwathu ku Katete, m'mudzi umene ndinabadwira, muli galimoto imodzi yokha. Ndi vaneti yoyera ya Toyota Hilux, ya amalume anga, ndipo msinkhu wake ulingana ndi wanga. Ndiyo itenga feteleza mvula ikayandikira, ndiyo ituta nshawa ndi cimanga kupita nazo kumsika, ndipo mai wapakati akadwala usiku anthu agogoda pa citseko ca amalume kuti amthamangitsire ku cipatala ca St Francis. Tsono pamene vanetiyi inaima masabata 6 m'caka ca 2022, mudzi wonse unamva kuwawa kwake. Cimene ambiri sadziwa kufikira lero ndi cakuti ine ndinali ndi dzanja pa bvutolo.

Zinayamba ndi kanthu kakang'ono. M'mwezi wa March ndinapita kumudzi kukaona makolo, ndipo amalume anandiitanira pansi pa mtengo wa mango pamene vaneti igona. Atatsegula boneti ndinaona injini yonse iri noninoni, pfumbi litamatirira pa oilo. Oiloyo anali kutulukira m'mphepete mwa cibvundikiro ca pamwamba pa injini, cimene amakanika acicha tapeti kava. Pansi pa cibvundikiroco mukhala mavavu ndi mtanda wacitsulo wowakankha, ndipo injini ikamalira oilo athothoka m'menemo ngati mvula. Comletsa kutuluka ndi kamphira kozungulira mphepete monse, ndiko gasiketi. Yathu inali itauma ndi ukalamba.

"Mphwanga," anatero amalume, "iwe ukhala m'tauni. Tenga ndalama izi, ukatigulire yatsopano."

Ku Chipata, m'sitolo ina ya zitsulo za galimoto, mnyamata wogulitsa anandiikira magasiketi awiri patebulo. Ina inali yodula pafupifupi katatu kuposa inzake. Kwa ine zonse zinali mphira wakuda wopindidwa mofanana. Ndinatenga yochipa, ndalama yotsala ndinagulira azakhali shuga ndi sopo, ndipo ndinabwerera kumudzi ndikudziona ngati munthu wodziwa kusunga cuma ca banja. Akulu anati safunsa anadya phula. Ndikanangoigwira bwino ndi zala ndikanazindikira, pakuti gasiketi yabwino ikhala yofewa, ukaitsina ibwerera pomwepo, ndipo ilowa mumzera wa cibvundikiro popanda kuikoka kapena kuipanikiza. Yanga inali yolimba, yonyezimira ngati paipi ya madzi, ndiponso yotalikirapo pang'ono kotero kuti pa ngodya imodzi inali kutumpha.

Tinaimanga tokha. Patapita masiku owerengeka oilo anayambanso kuoneka, ndipo nditabweranso ndinatenga sipanala ndi kumanga manati anai a cibvundikiro ndi mphamvu zanga zonse. Kumeneko kunali kulakwa kwaciwiri. Manati amenewo safuna mphamvu. Ukawalimbitsa kwambiri mphira aphwanyika ndi kufinyikira kunja, ndipo mpata ukula m'malo mocepa. Kucokera pamenepo vaneti inayamba kumwa oilo ngati mlendo wa ludzu. Amalume akakhala ndi ndalama anali kuthiramo watsopano, akasowa anali kupempha wakuda wotsala ku cigayo, ndipo masiku ena anali kungoyenda, kanyali kofiira ka oilo kakuphethira pa ngodya za mseu.

M'mwezi wa June, kuzizira kutafika, kunabuka phokoso. Akaliza injini m'mamawa, kutsogolo kwake kunali kumveka khwerere khwerere, monga munthu akoka unyolo pa lata, ndipo pakapita kamphindi kunali zii. Ndinalimva ndi makutu anga. Amalume anaseka nati, "Ndi ukalamba, mphwanga. Ngakhale ine ndikadzuka maondo ayamba alira, kenaka ndiyenda." Ine ndinasekanso, pakuti ndinalibe nzeru ina.

Apa ndiyenera kufotokoza zimene ndinaphunzira mocedwa. Injini ya vaneti yathu ndi ya petulo, ya masilinda anai, yochedwa 22R. Pansi pake pali mtanda umene mapisitoni azunguza, ndipo pamwamba pali mtanda uja wotsegula mavavu. Mitanda iwiriyi iyenera kuyenda mogwirizana: wapansi ukazungulira kawiri, wapamwamba uzungulira kamodzi, kuti vavu iriyonse itseguke ndi kutsekeka pa nthawi yake. Coigwirizanitsa ndi cheni conga ca njinga, cobisika m'cibvundikiro cina kutsogolo kwa injini. Cheni cimeneci sicitanuka ngati mphira ai, koma timisomali tolumikiza mfundo zake tidyeka pang'onopang'ono, ndipo kudyeka kwa mfundo zonse kukaphatikizana cheni citalika. Kuti cisagwedere pali kacitsulo kocikankha, kochedwa tenshona, ndiponso timatabwa tiwiri tocitsogolera m'mbali, ndito magaidi. Tsono tenshonayo itenga mphamvu yake yaikuru kwa oilo amene pampu ikankha. M'mawa oilo asanakwere cheni cotha cimenya m'mbali, ndilo phokoso lija; oilo akafika tenshona icigwira, phokoso lileka. Oilo akakhala wocepa kapena wodzala ndi litsiro, tenshona icedwa kugwira, cheni cisowa comafewetsa, ndipo kudyeka kufulumira. Motero kamphira kanga ka pamwamba ndi cheni ca kutsogolo zinali nkhani imodzi, ngakhale ife tinaziyesa ziwiri.

Injini imeneyi iri ndi cofooka cake codziwika. Kuyambira 1983 opanga ake anasiya cheni ca mizera iwiri naika ca mzera umodzi, cokhala ndi magaidi a pulasitiki. Pulasitikiyo akakalamba athyoka, ndipo cheni ciyamba kukhula cibvundikiro ca kutsogolo, cimene ndi ca citsulo cofewa ca aluminiyamu. Kuseri kwa khoma limenelo kupita madzi oziziritsa injini.

Tsiku lina m'mwezi wa July amalume anapakira matumba a nshawa a mabanja atatu kupita nawo ku Chipata. Atafika ca ku Mtenguleni muvi wa kutentha unakwera, ndipo anaima. Rediyeta inali yopanda madzi, koma pansi panalibe podontha. Atasolola kamtengo koyezera oilo anapeza oilo atasanduka ngati tiyi wa mkaka. Anandiimbira lamya, ndipo madzulo ake tinaikoka vaneti kufika nayo pa galaja ina ya mkulu wina wa imvi.

Anyamata a pagalajapo anayamba kunena kuti gasiketi ya pakati pa injini yapsa, pakuti ndiyo kawirikawiri isakaniza madzi ndi oilo. Mkuluyo sanayankhe. Anafunsa amalume ngati injini inali kulira m'mawa, ndipo atabvomera, anacotsa tapeti kava ndi kuunika ndi toci m'dzenje limene cheni citsikira. Anandiitana kuti ndione. Mbali imodzi gaidi inalipo. Mbali ina munalibe kanthu, koma mizera iwiri yonyezimira imene cheni cinasema pakhoma. Mawa lake atamasula zonse tinaona kabowo kamene madzi analowera, kosakwana ndi njere ya mapira. Zidutswa za pulasitiki zinapezeka pansi m'sampu, zina zitatseka kasefa kamene pampu ikokera oilo. Kenaka anagwira cheni cakale cammbali, natambasula dzanja: cinawerama ngati uta. Catsopano atacigwira momwemo cinangopendama pang'ono. Anatiuzanso kuti tinali ndi mwai, cifukwa cheni cotere cikhoza kulumpha mano kapena kuduka, ndipo pamenepo mapisitoni akhoza kugunda mavavu ndi kuwapinda.

Sindifuna kudzinamizira mlandu woposa wanga. Mkuluyo ananena poyera kuti cheni cinali cokalamba kale, ndipo cikanafuna kusinthidwa ngakhale oilo akanakhala wodzala. Koma anaonjeza kuti miyezi inai yoyenda ndi oilo wopereweza ndiyo inacimariza, ndi kuti tikanabwera phokoso litangoyamba tikanagula cheni, magiya ake awiri, tenshona ndi magaidi basi, nchito ya tsiku limodzi kapena awiri. Atatero anatola gasiketi yanga pansi, naipinda, ndipo inathyoka ngati kamtengo kouma.

"Bambo, anakugulirani ndani cinthu ici?" anafunsa.

Ine ndinayang'ana pansi. Amalume anakhala cete pang'ono, nati, "Tinagula ife."

Cibvundikiro ca kutsogolo sicinapezeke msanga. Tinadikira kuti cicokere ku Lusaka, cocotsedwa pa injini ina yakufa. Masabata amenewo nshawa za mabanja atatu aja zinagulitsidwa pomwepo pa mtengo umene ogula anafuna, zotsala kumudzi zinatengedwa ndi amalonda oyendayenda ndi masikelo ao, ndipo mlongo wanga wina atayamba kudwala usiku anamnyamula pa ngolo ya ng'ombe. Mwana anabadwira panjira. Onse ali moyo, koma sindikonda kukumbukira usiku umenewo. Kuti ndalama ya galaja ikwane, amalume anagulitsa ng'ombe imodzi yolimira.

Pomanga ndinapempha chuti ca masiku awiri kuti ndikaonerere. Mkulu uja anatsuka sampu ndi kasefa kake, analinganiza zizindikiro za pa magiya ndi mfundo zowala za pa cheni, ndipo asanalize injini anaizunguza ndi dzanja kawiri kuti aone ngati palibe cogunda. Pa tapeti kava anapukuta mphepete monse mpaka kuuma, anasintha ndi timphira tiwiri tooneka ngati mwezi wocepa tokhala kutsogolo ndi kumbuyo, timene ine sindinadziwe n'komwe kuti tiriko, napaka phala lomatira pang'ono pa timphirato pokha. Manati anai aja anawamanga mosinthanasinthana ndi sipanala yaing'ono, ataigwira ndi zala zitatu. Oilo woyamba anamtaya patangopita masiku ocepa, kuti madzi otsalira acoke.

Eni magalimoto ena asaganize kuti nkhaniyi ndi ya mavaneti akale okha. Ma Corolla ambiri onyamula anthu pakati pa Katete ndi Chipata, a injini ya 1NZ, ayenderanso cheni ndi tenshona yodalira oilo. Koma ma Hilux a dizilo a injini ya 2L ndi 3L ali ndi lamba wa mano m'malo mwa cheni. Ameneyo sacenjeza ndi phokoso, asinthidwa pa makilomita 100,000.

Ng'ombe ija ndikali kulipira pang'onopang'ono mwezi ukatha, ngakhale amalume akana kuwerenga ndalamazo pamaso panga. Nkhani ya sitolo ija sanaichulepo ngakhale kamodzi. Cheni cakale anabwera naco kumudzi, ndipo ndico amangira cipata ca khola.