Chulu kumbuyo, mamita 25 kutsogolo

Ife a ku Petauke tinakula tikulasa zitini ndi malegeni. Mwala ukaphonya, unkagwera pafupi. Mfuti ya .22 ndi nkhani ina. Chipolopolo chake chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi, ndipo chikamenya khasu lakale kapena chitsulo chokumbikakumbika, chingabwerere kwa mwini mfuti.

N'chifukwa chake tikaperekeza mnzathu wa laisensi kokayeserera, timasankha chitsulo cholimba, chosalala, chachikulu ngati mbale ya nsima. Timachipachika moweramira pansi, chulu chili kumbuyo kwake, ife n'kuima pa mamita 25. Akachimenya kakhumi motsatizana, timasunthira pa mamita 50. Kuyandikira ayi.

Koma tisanayambe, wina amazungulira kaye kuseri kwa chuluko. Nthawi zambiri kumakhala ana oweta mbuzi.