Magazi a m'kamwa ali ndi njira yopita kumtima

Ife a mumsika tili ndi matenda amene timawaopa ndi ena amene timangowaseka. BP timaiopa zedi, poti ambiri tinaonapo mnzathu akugwa pabenchi ndalama zili m'manja. Nanga chiseyeye? Munthu akalavula magazi m'mawa potsuka m'kamwa amangoti mswachiwu ngolimba, basi n'kusenza dengu lake.

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe, ndipo nkhaniyi ndinayamba kuilondola chifukwa cha amalume anga a nsomba zouma. Kwa zaka zambiri nkhama zawo zinali zotupa, mano akugwedera, fungo losamva chingamu. Dzino likawawa, iwo kwawo kunali kukazulitsa. Chaka chatha atayamba kubanika ndi kumva kulemera pachifuwa, adokotala anawayeza BP ndi shuga, kenaka nkuwauza kuti ayasamule. Amalume ati, "Adokotala, inetu ndabwerera mtima, osati mano." Mankhwala a mtima anawapatsa, koma anawalemberanso kalata yopita kwa a mano.

Zimayenda chonchi, abale anga. Zotsalira za nsima, mandasi ndi tiyi wathu wa masupuni anayi uja zimakanirira pamene dzino lakumana ndi nkhama, ndipo tizilombo timaswana pomwepo. Zikakhalitsa zimauma gwa ngati mwala, moti mswachi sungazichotse. Nkhama zimatupa, zimayamba kulekana ndi dzino n'kusiya timaenje, ndipo fupa logwira dzino limadyeka pang'onopang'ono. Chimenecho ndi chilonda chosapola, kungoti sichioneka ndipo nthawi zambiri sichipweteka. Ukamatafuna chimanga chootcha, tizilombo tija timapeza khomo lolowera m'magazi. Thupi limalimbana nato, koma nkhondo ya zaka ndi zaka imeneyi imavulazanso mitsempha ya magazi, malo omwe mafuta amaundana mpaka njira kuchepa. Akatswiri anapezapo zizindikiro za tizilombo ta m'kamwa, monga kotchedwa Porphyromonas gingivalis, mkati mwa mafuta oundanawo.

Si nkhani ya dzulo ayi. Mu 1989 madokotala a ku Finland anaona kuti odwala amene mtima unawagwira mwadzidzidzi anali ndi m'kamwa moonongeka kuposa anzawo. Mu 2007 kafukufuku wa ku London pa anthu 120 anasonyeza kuti amene nkhama zawo zinachizidwa mokwanira, mitsempha yawo inkagwira bwino ntchito patatha miyezi 6. Komabe mu 2012 bungwe la American Heart Association linachenjeza kuti matenda awiriwa amayendera limodzi ndithu, koma umboni woti chiseyeye pachokha ndicho chimadwalitsa mtima sunakwane. Fodya ndi shuga zimaononga nkhama ndi mtima womwe, ndiye kulekanitsa wolakwa nkovuta. Choncho akakupezani wogulitsa timabotolo m'minibasi nkumati mankhwala ake otsukira m'kamwa amachiza BP, ameneyo akufuna ndalama zanu basi.

Pali pena pamene palibe mkangano. Alipo anthu amene ali ana anadwala zilonda zapakhosi osachizidwa bwino, ndipo timavalavu ta mtima wawo tinaonongeka. Matendawa kuno kwathu ngosasowa. Kwa munthu wotere, tizilombo ta m'kamwa tikalowa m'magazi titha kukamera pavalavu yovulalayo, ndipo amenewo ndi matenda akupha. Ngati anakuuzanipo kuti mtima wanu uli ndi vuto lotere, nenani musanazulidwe dzino, ndipo kwa ozula mano a kuseri kwa msika musayerekeze.

Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 1 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda aakulu a nkhama. Kuno madokotala a mano akhala ochepa kuyambira kale, moti dziko lino linayamba kuphunzitsa ake mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, komwe tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences. Nchifukwa chake mzere umatalika, ndipo ndikudziwa zomwe mukuganiza: tsiku lathunthu kuchipatala, benchi ndisiyire ndani, tomato akuola? Inenso zimandiwawa. Koma amalume anatseka benchi milungu itatu, ngongole ya kubanki m'khonde ikuwadikira.

Zotsika mtengo zilipo. Tsukani kawiri patsiku, makamaka pogona, ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo mswachi uzifika m'mphepete mwa nkhama. Zikamatuluka magazi musasiye kutsuka, pamenepo ndi pofunika kutsuka kwambiri, koma mofatsa. Magaziwo akapitirira milungu iwiri, kapena dzino likayamba kugwedera, pitani akakupaleni zouma zija, ndipo mukadali komweko apempheni akuyezeni shuga ndi BP.