Fungo la Madzi a Pampopi

Pamene likulu la dziko linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, bambo anga napatsidwa nyumba ku Area 18 monga anzawo ogwira ntchito m'boma, mayi anga, amene anakula akutunga pachitsime ndi kusamba m'bafa la udzu lopanda denga, anakanitsitsa kumwa madzi ongotuluka kumene pampopi, nati akununkha kuchipatala. Ankawatunga madzulo ndi kuwagoneka mumtsuko, ndipo pofika m'mamawa fungo lija linali litapita. Kumene linkapitako palibe amene ankafunsa, koma linkapita mumpweya womwe tinkapuma, pakuti klorini, amene amathiridwa m'madzi ochokera ku Dzalanyama, odzera m'madamu a ku Malingunde, sakhalitsa m'madzi osavundikira.

Masiku amenewo nkhaniyi inalibe kulemera, chifukwa madzi osamba ankafunditsidwa panja pambaula, zovala zinkachapidwa pabwalo, ndipo mphepo inkatenga zonse. Lero ambiri a ife tinadzitchinga ndi mipanda ya njerwa, tinaika magiza, timatseka mazenera poopa akuba ndi udzudzu, ndipo munthu amaima nthawi yaitali pansi pa shawa yotentha m'kachipinda kodzaza nthunzi. Madzi akatentha, namwazika timadontho ting'onoting'ono, amatulutsa msanga zouluka zimene anasenza. Ndipo mwa izo muli kloroform, amene katswiri wina wa ku Rotterdam, Johannes Rook, anaonetsa mu 1974 kuti amabadwa klorini akakumana ndi zotsalira za masamba ovunda m'madzi a mumtsinje. Zimene mmero sunameze, mapapo amakoka.

Komatu ndisamveke ngati ndikunyoza klorini, pakuti ife a ku Area 18 tinaona ndi maso athu mu Julaye 2017, pamene zonyansa za m'suweji zinalowa m'mapaipi a madzi akumwa. Ndiponso kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, nalasa kwambiri mzinda uno, anatiphunzitsa kuti fungo limene mayi ankalikana ndilo limatchinjiriza ana athu kumanda. Kuyambira pamenepo ine ndikatsegula mpopi ndimayamba ndanunkhiza, ndipo klorini akamveka mtima umakhala m'malo. Choopsa cha nthunzi n'chaching'ono ndiponso chapang'onopang'ono, pamene kolera amatha munthu tsiku limodzi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chaching'onocho tikuchikulitsa tokha pomanga. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo eni nyumba ambiri, powonjezera zipinda za lendi kuseri, amapanikiza bafa pakati pa makoma, lopanda zenera ngakhale kabowo kotulukira mpweya, osafunsa kuti nthunzi idzapita kuti. M'menemo mayi amasambitsa khanda ndi madzi otentha, namiza matewera mu Jik, chitseko chili chotseka chifukwa cha chisanu cha Juni.