KUSANKHA COKUZA MAU CA M'NYUMBA

Ndifuna kukusimbirani kanthu kamene kanandisautsa mtima miyezi iwiri, kuti kapena wina wa inu angapulumuke nako, osataya ndalama zace cabe.

Amai anga akalamba, ndipo makutu ao ayamba kulema. Masiku onse m'mamawa ndi madzulo akhala pamphasa pafupi ndi wailesi, kumvera nkhani za m'dziko ndi mauthenga a maliro. Pakuti anzao a msinkhu wao alinkutha, ndipo safuna kuti mmodzi aikidwe iwo osadziwa. Koma sipika ya wailesi yathu njaing'ono, ndipo tsiku lina anamva molakwa dzina la mudzi, nalira usiku wonse munthu wamoyo. Pamenepo ndinatsimikiza mtima kuti nditagulitsa mtedza ndidzagula ampulifaya, ndico cipangizo colandira mau ofooka a wailesi ndi kuwapatsa mphamvu yakugwedeza sipika yaikuru.

Kwathu mawaya a magetsi sanafike. Tiri ndi sola imodzi padenga, ndi batire ya mavoliti 12, imene ikadzala ikhoza kupereka mawati 60 maola 10. Koma batire yotere ikamatsitsidwa kupitirira theka masiku onse, ifa msanga. Cotero theka lokhalo ndilo nkhokwe yathu, ndipo momwemo mudyanso nyali ya ana ndi foni.

Mlamu wanga, amene anagwira nchito ku Johannesburg, anandibwereka ampulifaya yace ya mavalavu. Mtundu umenewu ndiwo wakale koposa, pakuti unayambira pa valavu imene Lee de Forest wa ku America anapanga m'caka ca 1906. Mavalavu ndiwo timabotolo tagalasi, m'kati mwace muli kawaya kofiira ngati khala, salankhula asanafunde. Mau ace ngofewa ndi okoma, sindikana iai, ndipo amai anamwetulira powamva. Koma inafuna inveta, ndipo inali kudya mawati ngati 70, ngakhale poimba pang'onopang'ono, ngakhale pokhala cete. Atatha maola 4 ndinaona kuti gawo lathu latha, ndipo ndinazima nyali. Mwana wanga wamkazi, wokonzekera mayeso a Sitandade 8, anatseka buku lace osanena kanthu. Ndipo kukhala cete kwaceko kunandilasa mtima. M'mawa mwace ndinabweza katundu wa eni.

Ndinapita tsono ku tauni. Wogulitsa wina anandionetsa ina yonyezimira, ya timagetsi tophethira, ndipo pa bokosi lace panalembedwa mawati 3000 PMPO. Dzanja langa linali litalowa kale m'thumba, koma ndinakumbukira kuti safunsa anadya phula, ndipo ndinayamba ndafunsa mmisiri wokonza mawailesi kuseri kwa msika. Iye anaseka nati, "Acimwene, ciwerengero ca PMPO ncokopa maso cabe. Funani ca RMS, ndico mphamvu imene cipangizo cikhoza kupereka kosalekeza." Titabwerera kukaona, tinapeza kumbuyo kwace, m'tizilembo tating'ono, mawati 15.

Mmisiriyo anandikhazika pa benci nandiphunzitsa za maampulifaya a matransisita, tizipangizo timene tinayambira ku Bell Laboratories m'caka ca 1947, ndi kulowa m'malo mwa mavalavu. Ya mtundu wa A ifanana ndi wophika wosonkheza moto tsiku lonse, mphika ulipo kapena palibe. Mau ace ngoyera, koma mwa magawo 4 a mphamvu, 3 kapena oposa asanduka kutentha. Ya mtundu wa AB ifanana ndi akazi awiri osinja mu mtondo umodzi: wina akatsitsa munsi, mnzace akweza wace napumako, cifukwa cace itaya pang'ono, ngakhale ifundabe, nifuna citsulo cakuiziziritsa. Ya mtundu wa D itsegula ndi kutseka njira ya magetsi kambirimbiri, koposa ka 100,000 pa sekondi imodzi, ndipo mwa magawo 10 a mphamvu, pafupifupi 9 afika ku sipika. Zambiri za mtundu uwu zilumikizidwa ku batire ya mavoliti 12 popanda inveta.

Ananenanso mau ena amene anandidabwitsa: kuti kuwirikiza mawati kawiri sikuwirikiza kukula kwa mau, koma kuti khutu limve kuti mau akula kawiri, pafunika mphamvu yocuruka ngati ka 10. Cotero nzeru ndiyo kugula sipika yabwino, ya maomu oyenerana ndi ampulifaya, 4 kapena 8. Ndi kusakweza kufikira mau asasa, pakuti kusasako ndiko kupsereza sipika.

Ndinagula ya mtundu wa D, yaing'ono ngati cikhato canga, ndipo ndalama zotsala ndinagulira sipika imodzi ya maomu 8. Sindikubisirani cirema cace: poiika pafupi ndi wailesi inalowetsa kaphokoso ngati ka nkhululu, makamaka pa medium wave, kufikira ndinaisendeza kutali mikono iwiri. Mlamu wanga aiseka, nati mau ace ngouma. Kapena anena zoona. Koma iye ali ndi magetsi a m'tauni, nayatsa yace pa tsiku lakupuma lokha, pamene yanga igwira nchito m'mawa ndi madzulo caka conse.

Cifukwa cace, abale, musanapite kumsika khalani pansi muwerenge zitatu izi: mphamvu imene muli nayo m'nyumba, maola amene cipangizo cidzalankhula pa tsiku, ndi makutu a iye amene mumgulira. Ine ndinayamba ndi kukoma kwa mau, ndipo ndinazimitsira mwana wanga nyali. Lero amai amva maina onse bwino lomwe, nandiuza okha maliro oyenera kupitako. Ndipo nyali iyakabe kufikira mwanayo atatseka buku mwa kufuna kwace.