Bowa wa ku Lifupa ndi mitengo yake

Msewu wochoka pa boma la Kasungu kupita ku Lifupa umadutsa m'minda ya fodya ndi zigafa, mitengo ili apo ndi apo. Ukangolowa m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, yomwe inakhazikitsidwa mu 1970, dziko limasintha: mitengo ya mombo ndi misuku ili thithithi. Ambiri amapitako kukaona mvuu pa damu la Lifupa komanso njovu, zomwe zinachuluka mu 2022 pamene 263 zinabwera kuchokera ku Liwonde. Ine ndinapitako m'dzinja, ndipo maso anga anali pansi, pa bowa.

Tonse timadziwa utale womera pa chulu, ndelema ndi manyame. Koma patsinde pa mitengo ndinaonanso mtundu wina umene Azungu amati bolete. Umadziwika ukautembenuza. Kunsi kwa chipewa chake kulibe timizere ngati twa ndelema, kuli timabowo tothithikana ngati siponji. Tsinde lake nthawi zambiri limakhala lonenepa. Wina ukaunyema, mnofu wake umasanduka wabuluu nthawi yomweyo.

Apa ndi pofunika kusamala. Kusanduka kwa mtunduko sikutanthauza kuti bowayo ndi wakupha, komanso sikutsimikiza kuti ndi ndiwo. M'banja limeneli muli wodyedwa, wowawa, ndi wina wosanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Wa timabowo tofiira ndi bwino kungomusiya. Zoti bowa wodyedwa ndi mbozi kapena anyani ndiye kuti munthunso angadye, ndi bodza limene lapweteketsa mabanja. Amayi athu ali ndi lamulo labwino: bowa amene sakumudziwa dzina amangoti chirombo, ndipo salowa mu mphika. Brian Morris, amene analemba buku la bowa wa m'Malawi mu 1987, anaphunzira zambiri kwa amayi oterewa.

Dziwaninso kuti bowa woopsa kwambiri sapweteka msanga. Munthu angayambe kusanza patapita maola 6 kapena kuposerapo, kenaka n'kuoneka ngati wachira pamene chiwindi chikuwonongeka. Zikatero thamangirani kuchipatala, mutanyamula wotsalayo kuti adokotala aone.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi. Bowa wa timabowo, monganso manyame ndi ndelema, amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo. Amapatsa mtengo madzi ndi michere ya m'nthaka, mtengowo n'kumamupatsa chakudya. N'chifukwa chake sungamulime m'thumba ngati bowa wa oyisitala. Tikadula mombo kuti tipeze nkhuni ndi milimo ya fodya, bowayo amapita nawo, ndipo bulugamu wobzalidwa m'malo mwake sabwezeretsa ndiwo zomwe tinazolowera.

M'nkhalango yotetezedwa simulowedwa chisawawa kukazula bowa popanda chilolezo. Choncho ngati tikufuna kuti ana athu adzathe kusiyanitsa ndiwo ndi chirombo, tisunge nkhalango za m'midzi mwathu, ndipo agogo akamapita kubowa azitenga adzukulu.